Chopondera Chachitatu

Galimoto ya a Paison Sakala inafera pamtunda wina wa msewu wa dothi wochokera ku Chiparamba, Lachinayi masana m'mwezi wa Juni. Injini inkalira bwinobwino. Ataponda moto inabangula monga mwa masiku onse, koma matayala sanasunthe, kenaka galimoto inayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka anaponda buleki. Anazimitsa nakhala phee atagwira chiwongolero, fungo la oyilo wopsa likulowera pawindo. Anadikira pamenepo maola awiri. Lole ya thonje ndi imene inawakoka ndi chingwe mpaka ku Chipata.

A Sakala anali mlangizi wa zaulimi wopuma pantchito, wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi chimodzi. Galimotoyo anaigula mu 1996 kwa wansembe wina amene ankabwerera kwawo. Inali ya ku Jeremani, yopangidwa mu 1981, yobiriwira, yaitali kutsogolo, mipando yachikopa chong'alukang'aluka. Inali ya otomatiki, yosintha magiya yokha, ndipo anzawo kuntchito ankawaseka kuti agula galimoto ya alesi. Matenda a shuga atawadulitsa mwendo wamanzere m'munsi mwa bondo zaka zitatu zapitazo, palibe anasekanso. Galimotoyo inkangofuna phazi limodzi, ndipo phazi limodzi anali nalo.

Lachinayi lililonse ankapita kumudzi kwawo ku Chiparamba kukaona mlongo wawo wamkulu, a Ketilina, amene maso anali atachita khungu. Mwa ana asanu ndi atatu a mimba imodzi anatsala awiriwa basi. Ankawatengera mankhwala a kuthamanga kwa magazi, sopo ndi mchere, kenaka n'kukhala nawo pakhonde kuwawerengera mawu a Misa ya Lamlungu likubweralo, kwinaku akukangana za malire a munda wa malemu bambo awo. Dzuwa likapendeka ankabwerera. Akazi awo, a Rabecca, ankadziwa kuti tsiku limeneli sakonzerapo china chilichonse.

Makanika wawo anali Harrison Mbewe wa ku Kapata, amene anagwira galimotoyo zaka zoposa makumi awiri. Anatsitsa giyabokosi, naitsegulira pa lata pansi pa mtengo wa kesha. Oyilo wake anali bii, wodzaza tizitsulo tonyezimira ngati mchenga wa kumtsinje.

"Atate, iyi yatha," anatero Harrison. "Palibe walakwa, ndi ukalamba chabe. Zam'katimu zadyana zokhazokha."

"Ndiye tipeze ina."

"Tiyesa. Koma motoka za mtundu uwu za otomatiki zinabwera zochepa m'dziko muno. Ine m'moyo wanga ndaonapo zitatu, ndi yanuyi pamodzi."

Anayesadi. Malcolm, mwana wawo wamwamuna, amene ankagwira ntchito yolembera mapepala a katundu pa chipata cha malire cha Mwami, anafunsa madalaivala a malole opita ku Lilongwe ndi ku Beira. Nomsa, mwana wawo wamkazi, anayendayenda m'mashopu a zitsulo za galimoto ku Lusaka akuonetsa chithunzi pa foni. Giyabokosi imodzi inafikadi kuchokera ku Lilongwe, koma Harrison atangoiona anapukusa mutu. Inali ya mtundu wina, mabowo a mabawuti sankayenderana. Inabwezedwa pa lole yomweyo.

Mu Ogasiti Harrison anabwera yekha kunyumba kwawo ku Kalongwezi. Anakana kulowa m'nyumba chifukwa cha ovololo yake, ndiye anakhala pakhonde, a Rabecca atakhala pamkeka chapambali akusenda nyemba.

"Pali njira imodzi yatsala," anayamba Harrison. "Kwa mnzanga ku Katete kuli motoka ngati yanuyi, inali takisi kale, inagubuduka. Giyabokosi yake ndi ya manyuwo, yosintha ndi dzanja, ndipo ndi yabwino. Ndikhoza kuiika. Ndiboola pansi popita ndodo ya giya, ndiika kilatchi ndi chopondera chake, shafuti yozunguza matayala ndiikonza kuti ikwane. Motoka iyendanso zaka khumi."

A Sakala anayang'ana mwendo wa buluku lawo, umene unali wopindidwa ndi kumangidwa ndi pini pa bondo.

"Harrison, kilatchi amaponda ndi chiyani?"

Harrison anayang'ana pansi.

"Atate ake Nomsa," anatero a Rabecca osatukula mutu, "mwina Malcolm angamakuyendetseni Loweruka. Lachinayi ndi Loweruka sizisiyana kwa alamu."

"Ndiye galimoto ichire kuti ine ndisaiyendetsenso. Ayi. Ikhale choncho mpaka tipeze yake yeniyeni."

Harrison anatsanzika. A Rabecca anamuperekeza mpaka pageti, ndipo anaima naye kanthawi akuyankhula motsitsa mawu.

Patapita mlungu a Sakala anaganiza zopita ku Chiparamba pa minibasi. Kondakitala anawanyamula m'khwapa ngati thumba la feteleza, ndodo zawo n'kuziponya pansi pa mipando. Minibasi inadikira anthu mpaka dzuwa litakwera, ndipo inawatsitsa pamphambano, kutali ndi mudzi. Mtunda wotsalawo anakwera njinga yamoto, atagwira malaya a woyendetsa ndi dzanja limodzi, ndodo ku dzanja lina, chitsa cha mwendo chikugunda chitsulo pa bampu iliyonse. Anafika atatuwa mbuu, buluku litanyowa magazi pa bondo. A Ketilina anawapapasa kumaso ndi m'mapewa, kenaka dzanja lawo linafika pa bondopo.

"Paison, usadzabwerenso motere," anatero. "Ndingakhale ndi mlandu kwa amayi kumanda."

Anakhala ola limodzi lokha chifukwa wa njinga ankafulumira. Bala limene linatseguka tsiku limenelo linawagoneka milungu itatu.

Ali chigonere, Malcolm anabwera kudzawaona. Anakhala m'mphepete mwa bedi akusewera ndi makiyi a ofesi.

"Atate, vomerani. Loweruka lililonse ndizibwera m'mawa, tizipita limodzi kwa azakhali. Mwami si patali. Motoka ikangokhala chaka padzuwa kwa Harrison, injini nayo ifa."

"Malonjezo a Loweruka ndimawadziwa. Inenso ndinalonjezapo atate anga."

"Ine sindinama, atate."

A Sakala anatembenukira kukhoma. M'mawa mwake anauza a Rabecca kuti amuimbire Harrison ayambe ntchito.

Ntchitoyo inatenga mwezi wathunthu. Bala litapola, a Sakala ankapita ku galaja tsiku ndi tsiku pa takisi, n'kukakhala pa mpando wakale wa basi umene unali pansi pa kesha. Anaona Harrison akuchotsa chopondera chachikulu cha buleki, chija chotakata ngati chikhatho, naikapo chaching'ono kuti papezeke malo a chachitatu. Anaona akudula chitsulo cha pansi pakati pa mipando, moto ukuthetheka mpaka pa chikopa. Tsiku limodzi lokha anafunsa ngati kandodo kakale ka giya, kokhala ndi zilembo zake, angakatenge. Harrison anakapukuta n'kuwakulungira m'nyuzipepala.

Ulendo woyamba unachitika Loweruka lina mu Okutobala, kukutentha koopsa. Malcolm anakhala pa chiwongolero. A Sakala anakhala kumanzere, mpando umene pa zaka zonsezo anali asanakhalepo galimoto ikuyenda. Galimoto inali itasintha. Inkanyamuka mwachangu, mapiri inkakwera mopepuka, ndipo pamtunda umene inafera paja inadutsa osadandaula n'komwe.

"Mwaona, atate? Yabwerera unyamata," anatero Malcolm akuseka.

"Chotsa phazi pa kilatchi ukasintha giya. Uitentha."

Phazi lawo lamanja linkaponda pansi pachabe nthawi iliyonse akaona dzenje. Atafika, a Ketilina anali ataima pakhomo atagwira mzati.

"Ndamva galimoto koma sindinaizindikire," anatero. "Yako inkabwera ndi mawu amodzi. Iyi ikulira modukizadukiza. Ndimayesa ndi a boma."

Malcolm anamwa madzi, nayendayenda pabwalo kufunafuna pamene foni ingagwire, ndipo pasanathe maola awiri anati ayenera kubwerera, pali malole akumudikira. Mawu a Misa anawerengedwa theka.

Loweruka lotsatira Malcolm anaimba kuti mzere wa malole wafika kutali, sangachoke. Linzakelo anabwera, koma masana, nthawi itatha. Loweruka lachitatu mwana wake anadwala malungo. Kumayambiriro kwa Novembala anabwera ndi nkhani yakuti abwana ake amusamutsira ku Nakonde, kumalire a kumpoto, ulendo wa tsiku lonse ndi theka. Analira ponena, ndipo a Sakala anaona kuti sakunama. Anamuuza kuti apite, ntchito siikanidwa masiku ano.

Galimoto inakhala pabwalo. Nomsa anati apeze dalaivala wolemba, koma anyamata awiri amene anabwera anaphunzirira pa tigalimoto ta otomatiki ta masiku ano, ndipo wachitatu, amene ankadziwa giya ya dzanja, anafika akununkha kachasu nthawi ya kadzutsa.

Lachinayi lina m'mawa, a Rabecca atapita ku msonkhano wa amayi kutchalitchi, a Sakala anatulutsa mwendo wapulasitiki umene anapatsidwa kuchipatala. Sankaukonda chifukwa unkawatupitsa. Anaumanga zolimba, nauveka nsapato, nakalowa m'galimoto. Anaika phazi lapulasitikilo pa chopondera chachitatu ndi manja, nakankha ndi ntchafu yonse mpaka chinatsika. Analiza injini, nalowetsa giya yobwerera m'mbuyo kuti alunjike kugeti. Anayamba kubweza mwendo pang'onopang'ono monga ankachitira pa galimoto ya boma ya Landi ali mnyamata. Koma phazi lopanda kakolo linaterereka. Galimoto inalumpha chammbuyo. Anaponda buleki ndi mphamvu zawo zonse, galimoto osaima, mpaka inakagunda khoma la khola la nkhuku n'kuzima yokha. Njerwa zinagwera pa buti. Nkhuku zinabalalika bwalo lonse.

A Rabecca atabwera anawapeza akadali m'galimoto, chitseko chili chotsegula, mwendo wapulasitiki uli pansi pa dothi. Sanawakalipire. Anawabweretsera ndodo, kenaka anayamba kusonkhanitsa nkhuku.

Harrison anabwera mawa lake kudzaona pophwanyika. A Sakala anadikira mpaka a Rabecca atalowa m'khitchini.

"Ndaganiza," anatero. "Ungathe kundipangira ndodo ya dzanja yokankhira kilatchi. Ndinaonapo munthu wina ku Petauke ali nayo. Dzanja lamanja pa chiwongolero, lamanzere pa ndodo, kenaka pa giya."

"Atate, sindingapange."

"Sungathe, kapena sukufuna?"

Harrison anapukuta manja pa kansalu nthawi yaitali, ngakhale analibe oyilo.

"Pali chimene ndakhala nacho pamtima, ndipo chikundilemera. Giyabokosi ya otomatiki ndinaipeza. Mu Julayi. Pa famu ina ku Madzimoyo panali motoka ngati yanu, ili m'shedi ya fodya, injini inafa kalekale koma giyabokosi inali yamoyo. Ndinauza amayi poyamba chifukwa inu munali mutagona. Iwo anandipempha kuti ndisakuuzeni."

"Ikadalipo?"

"Ogula zitsulo zakale anaitenga motoka yonse mu Seputembala. Anaidula pomwepo ndi moto."

A Sakala anamuuza Harrison kuti azipita. Anakhala pakhonde mpaka a Rabecca atatuluka ndi beseni la madzi ofunda, monga ankachitira masana aliwonse, kuti awatsuke phazi ndi kulipaka mafuta monga anamwino anawalangizira. Anagwada, nawavula nsapato ndi sokosi.

"Amake Nomsa, zaka makumi anayi ndi zisanu tili limodzi. Ndinakulakwirani chiyani?"

A Rabecca anamvetsa nthawi yomweyo. Manja awo sanaleke kugwira ntchito.

"Harrison wakuuzani."

"Wandiuza. Mwandidula mwendo wachiwiri inuyo, ndi manja anu."

"Tsinzinani," anatero a Rabecca.

"Musandiyese mwana."

"Tsinzinani, atate ake Nomsa. Mukatero mundinene mmene mungafunire."

Anatsinzina.

"Ndagwira chala chiti?"

A Sakala anamvetsera. Ankamva mphepo pa bondo, ankamva dzanja lina litagwira katumba. Kumunsi kunali zii.

"Chachikulu," anatero.

"Sindinagwire chala chilichonse. Phazi lanu lili m'madzi. Tsegulani muone."

Phazi linalidi m'beseni, madzi atafika m'kakolo, nthunzi ikukwera.

"Mu Epulo, pa msika wa Kapata, munatsala pang'ono kuponda mayi wa tomato ali ndi mwana kumsana," anapitiriza a Rabecca. "Munati buleki yafooka. Harrison anaiyang'ana, inalibe vuto. Ine ndinali pambali panu, ndinaona. Phazi lanu linali pambali pa chopondera, likuponda pansi, inu osadziwa. Dzulonso ndi chimodzimodzi, ndikhulupirira."

"Mukanandiuza."

"Ndinakuuzani kawiri. Koyamba munaseka. Kachiwiri munati ndikufuna kukusungani pakhomo ngati mbuzi yodwala, ndipo simunandiyankhule masiku atatu. Ndikanatani? Ndidikire apolisi abwere kudzandiuza kuti mwapha mwana wa eni? Ndinaganiza kuti galimoto ikakhala ya Malcolm kuyendetsa, mudzafikabe kwa alamu, ndipo simudzadziwa chifukwa chake. Za ku Nakonde sindinazidziwe. Pamenepo ndinalakwa."

Anatulutsa phazilo m'madzi n'kuyamba kulipukuta pakati pa zala, chimodzichimodzi. Pansi pa chala chaching'ono panali kachilonda kakuda ngati njere ya mpendadzuwa. Anakayang'ana kanthawi, kenaka anakaphimba ndi thawulo. A Sakala anali atakaona kale m'mawa uja povala nsapato. Onse awiri sanakatchule.

Masiku otsatira m'nyumbamo munali bata. A Sakala sanakwiyenso, koma sankafunsanso za galimoto. Khoma la khola linamangidwanso. Mvula inayamba, udzu unamera kuzungulira matayala. Kachilonda kaja sikanapole ngakhale ankakatsuka kawiri patsiku, ndipo pofika Januwale chala chonse chinali chitada, chinzake chikutsatira. Dokotala anati agonekedwe Lachiwiri, ndipo ataona phazilo sanalonjeze kuti adzalekezera pa zala.

Lolemba m'mawa Harrison anafika osaitanidwa, atavala malaya oyera. Anali atatseka galaja.

"Atate, tiyeni mukawaone amayi aakulu lero. Ndikuyendetsani ndine."

A Sakala anamuyang'ana, kenaka anagwedeza mutu. Anakhala kumpando wakumbuyo kuti atambasule mwendo, phazi lomangidwa bandeji lili pamiyendo ya a Rabecca. Mvula inali itagwa masiku anayi osalekeza. Galimoto inayenda bwino m'matope, Harrison akuikoka ndi giya yachiwiri m'malo oterera. Panali malo awiri amene a Sakala anadziwa mumtima kuti giyabokosi yakale ija ikanatitimira.

Atatsala mtunda wa makilomita atatu kuti afike, anapeza kamtsinje kamene nthawi zonse ankangodutsa osakaganizira katadzaza. Madzi ofiira ankathamanga pamwamba pa kamlatho ka simenti, atanyamula mapesi ndi nthambi. Anthu angapo anali ataima tsidya lino ndi tsidya lina. Harrison anatsika, napinda buluku, nalowa ndi mtengo m'manja. Asanafike pakati madzi anali m'chiuno. Anabwerera.

"Sitingadutse. Tidikire, mwina atsika."

Anadikira. A Rabecca anayesa kuimbira mpongozi wa a Ketilina, amene ankawasamala, koma foni yake inali yozima. Dzuwa linafika pamutu, kenaka mitambo inayambanso kusonkhana kumapiri. Madzi m'malo motsika anakwera mpaka kukwirira mwala umene Harrison anaika m'mphepete ngati chizindikiro.

Bambo wina wamtali, wa m'mudzi woyandikana ndi kwawo, anavula malaya, namanga katundu wake pamutu kuti awoloke. A Sakala anatsitsa windo n'kumuitana.

"Mukudziwa kwa a Ketilina Sakala, osaona aja?"

"Ndikudziwako, atate."

"Mukawauze kuti Paison anabwera. Anafika pa mtsinje."

"China?"

A Sakala anaganiza. A Rabecca anawayang'ana, akudikira ngati anene za mawa.

"Basi chomwecho."

Anamuyang'ana munthuyo akulimbana ndi madzi mpaka anatulukira tsidya lina, navala malaya ake n'kulowa m'chimanga. Madontho oyamba anayamba kugwa pa galasi. Harrison anatembenuza galimoto movutikira pa kamsewu kopapatiza, nabwerera.

Lachiwiri a Sakala anagonekedwa. Anadula zala ziwiri, ndipo mu Febuluwale, chilonda chitakana, anadula phazi lonse. Anatuluka m'chipatala kumapeto kwa Malichi pa njinga ya olumala imene tchalitchi chinawabwereka. Galimoto anauza Harrison kuti aisunge ku galaja, aziiliza kuti injini isagone. Munthu wina wa ku Lusaka wokonda magalimoto akale anabwera kudzaiona atamva mbiri yake, koma atasuzumira m'kati n'kuona pansi podulidwa, anati iye amafuna zimene sizinasinthidwe, napita.

A Ketilina anamwalira mu Meyi, anthu akukumba mtedza. Uthenga unafika m'mawa, ndipo Harrison anabwera ndi galimoto itatsukidwa. Amuna awiri anawanyamula a Sakala kuwaika kumbuyo, njinga yawo n'kuipinda m'buti. Msewu unali utauma, ndipo anafika mwambo wa maliro usanayambe.